Khadi la Ng'ombe Limene Sindinatumize

Lonjezo ndi Mwayi, ana anga, tsiku lija munkandithandiza kusamuka ku Normanton, dera la ku Derby, munapeza khadi m'Baibulo langa lakale, lojambulidwa ng'ombe, sitampa ili pomwepo, dzina la agogo anu lolembedwa ndi dzanja langa. Mwayi unafunsa kuti bwanji silinapite, ine ndinati tinyamule katundu kaye, galimoto ikudikira. Galimotoyo inapita kalekale, ntchito ndinapuma, ndiye ndilibenso pothawira. Nkhani ya khadi limenelo ndi nkhani ya maliro a amayi anga, maliro amene inu munalipo koma ine ayi. Ndiyambira kuntchito, chifukwa ntchito ndi imene inandifikitsa pamenepo.

Zaka khumi ndi ziwiri ku Dedza

Ndinayamba ntchito pa kachipatala ka mishoni kuseri kwa mapiri a Dedza, ndili mtsikana woonda, yunifolomu ikundikhuthukira. Ndinali namwino komanso mzamba. Kusowa kwa zipangizo kunali kwa tsiku ndi tsiku. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe kuseri kwa wodi, parafini wa firiji ya katemera akatha tinkakapempha kwa abusa, ndipo ambulansi inkakhalitsa pamiyala kuposa pamsewu. Wamkulu wathu anali Sisitala wina wamfupi, wa mawu omveka mpaka kumsika. Tsiku limene mwana woyamba anafera m'manja mwanga ndinalira pamaso pa mayi wake, Sisitala n'kundikokera kuchipinda cha mankhwala. "Iwe mwana," anatero, "misozi yako uziisiya pageti, uziitenga poweruka. Wodwala ali ndi katundu wake kale, usamusenzetsenso wako." Mawu amenewo ndinawameza onse osatafuna. Bambo anu atamwalira ndinabwerera kuntchito patangopita sabata, maso ali gwa, anthu n'kumati Esitere ngolimba mtima. Sindibisa, ndinkanyada nazo.

Malipiro ankatha mwezi usanafike pakati, inu mukukula, ndiye mwayi wopita ku England utapezeka sindinaganize kawiri. Ndinakusiyani kwa agogo anu kumudzi kufupi ndi Linthipe. Iwo sanali munthu wolankhula zambiri. Tili padepoti anandikonzera kolala ya bulauzi ngati ndikupita kusukulu, n'kunena kuti, "Iwe pita. Ana awa mayi wawo ndinamulera ndine, sangandikanike. Koma tsiku lodzagona ine, usadzangomvera palamya ayi." Ndinaseka, ndinati amayi musalankhule zoopsa m'mawa uno.

Zaka ziwiri ku Leicester

Ku England mapepala anga a unamwino anawayang'ana n'kundibwezera mwaulemu. Ine amene ndinabereketsa theka la ana a m'dera lathu ndinakhala wosamalira okalamba kunyumba ya nkhalamba, kusambitsa, kudyetsa, kusintha zofunda. Ndinkakhala ku Spinney Hill m'kachipinda ka pamwamba kwa Mayi Banda, namwino wa ku Zomba amene anabwera kuno ine ndisanalote n'komwe, ndipo anali ngati mkulu wanga. Kuntchito anthu ankachepa nthawi zonse, awiri pa nkhalamba makumi awiri, ndipo manejala wathu, mzungu wosuta kwambiri wochokera ku Corby, ankatha kukumwetulira uku akukuwonjezera shifiti. Sanali woipa mtima, koma viza yanga inali yomangirira ku kampani yake, ndiye akatsokomola ine ndinkayamba kale kuvomera.

Chaka chachitatu chikuyamba anandiitana muofesi. Anati pali gogo wina kunja kwa Derby wofuna munthu wogona konko, ena atatu alephera, ndipo gogoyo ndi wa ku Japan. Mayi Banda atamva anaseka mpaka kugwira khoma. "Esitere, mukapanga savaivu kumeneko? Nsomba zosaphika zimenezo! Mudzabwera kuno mukuwerama ngati mwataya singano." Ndinati nsomba ndi nsomba, n'kulongedza chikwama.

Chaka choyamba kwa Mayi Haruko

Nyumbayo inali m'kamudzi kamene basi imadutsa kamodzi pa ola. Chapafupi pali fakitale yaikulu ya magalimoto imene inabweretsa mabanja angapo a ku Japan, ndipo amuna a Mayi Haruko anabwera nayo, atapuma n'kukhaliratu, n'kumwalirira konkuno. Mayiwo sitiroko inawaumitsa mbali ya kumanzere. Dzanja lamanja linkagwira koma monjenjemera, Chingerezi chawo chinali chodukaduka, koma maso awo sankaphonya kanthu. Mwana wawo mmodzi yekha, Bambo Kenji, ankakhala misewu itatu kuchokera pamenepo. Tsiku loyamba ndinalowa ndi nsapato mpaka pabalaza n'kupereka moni wanga wabwino. Mayi Haruko sanayang'ane nkhope yanga, anangoyang'ana mapazi mpaka ndinabwerera pakhomo kukavula. Ankanditchula kuti Esita-san, ine ndinkangoti Mayi.

Tinayamba kumvana bwino titakangana, ndipo tinakangana chifukwa cha chaka chatsopano. Khirisimasi kwa iwo inali tsiku wamba, koma itangodutsa nyumba yonse inatembenuzidwa. Makatani pansi, madirowa onse kukhuthula, pamwamba pa zitseko, kuseri kwa firiji, mpaka mababu a magetsi. Iwo ali pa njinga yawo ya olumala, ndodo m'manja, akuloza. Tsiku lachiwiri msana ukuwawa ndinaponya kansanza mu ndowa. "Mayi, ine ndine namwino. Sindinabwere kudzakolopa denga." Anandiyang'ana osaphethira. "Inenso ndinali mphunzitsi. Pukuta." Ndinafuna kukwiya koma chinatuluka ndi chiseko, iwonso n'kuseka ndi mbali imodzi ya kamwa. Kenako anandifotokozera kuti chaka chatsopano ndi mlendo, ndipo mlendo sayenera kupeza fumbi la chaka chatha. Zimenezo ndinazimva, chifukwa agogo anunso ankazira nyumba alendo akamabwera.

Nyumba itayera Bambo Kenji anapachika pachitseko chingwe chopota cha udzu wa mpunga ndi nthambi za paini. Tsiku lomaliza la chaka, nthawi ya 3 koloko masana, anandiitana kuti ndikhale pansi. Kwawo kunali kutakwana pakati pa usiku, ndipo pa TV ya kwawo belu lalikulu linkalira pang'onopang'ono, ife tikudya supageti wawo wotuwa wa m'msuzi, kunja kukanali kowala. M'mawa mwake kunabwera azimayi a mabanja a ku fakitale, ovala bwino, aliyense kuwerama n'kunena mawu awo ofunirana mafuno abwino, zakudya zili m'timabokosi tokongola koma zozizira zonse. Panalibe wofuula, panalibe wovina. Ine ndinkathira tiyi n'kumaganiza za kwathu, mpunga wa nkhuku, kwaya, ana akuthamanga ndi zitini mumsewu, ndipo ndinasungulumwa kwambiri pakati pa anthu aulemu amenewo.

Koma chimene Mayi Haruko ankachilemekeza kuposa zonse chinali makhadi. Disembala akangoyamba ankakhala patebulo ndi kaburashi, kulemba khadi lililonse ndi dzanja lonjenjemeralo, ine n'kumalemba maadiresi ndi kukaponya ku positi. Chaka chilichonse chili ndi nyama yake, ndipo chaka chimenecho inali nguluwe. Tili mkati anandifunsa kuti ana anga akulera ndani. Nditawauza anaika kaburashi pansi. "Ndiye amayi akowo ndi amene anandibwereka iwe. Lemba adiresi yawo." Lonjezo ukukumbukira, yankho unalemba ndiwe. Agogo anati tiwathokoze mayi a ku Japan, koma tiwauzenso kuti nguluwe kuno ndi mdani, zatha chimanga. Chaka chotsatira panabwera mbewa, agogo n'kuti iyi ndiye ndiwo, atumizenso ina yonona. Mayi Haruko anaseka mpaka ndinachita kuwasisita pamsana. Azimayi awiriwa sanaonanepo, sanamvanepo mawu, koma ankafunsana za mawondo ndi za mvula kudzera mwa ine ndi iwe.

Panalinso makhadi ena amene ankafika mu Novembala, otuwa, opanda chithunzi. Limodzi likafika Mayi Haruko ankadula mzere pa dzina lina m'kabuku kawo. Anandiuza kuti limenelo ndi uthenga woti m'nyumbamo munagwa maliro chaka chino, ndiye sakondwerera chaka chatsopano, ndipo munthu sawatumizira mafuno achisangalalo. "Kuuza nyumba ya maliro kuti kondwerani ndi mwano waukulu," anatero. "N'chifukwa chake ofedwa amanena msanga, kuti anzawo asalakwe." Ndinangoti mwambo wabwino, osadziwa kuti udzandigwira ine.

Okutobala wa chaka chachisanu

Chaka chimenecho ndinapereka pempho loti ndikhale m'dziko lino mpaka kalekale, ndipo likanatheka ndiye kuti njira yokuitanani inu yatseguka. Pasipoti yanga inapita limodzi ndi pempholo. Lamulo linali loti ukaiitanitsa kuti uyende, pempho lako lathera pomwepo. Lamya inalira m'mawa ndikuphika phala la Mayi Haruko. Anali achimwene anga Yohane, malume anu. "Achemwali, amayi atisiya." Ndinazimitsa moto, n'kuthira phala m'mbale, n'kukawadyetsa Mayi mpaka linatha. Kenako ndinauza Bambo Kenji kuti ndagwidwa chimfine choopsa, ndisapatsire amayi awo, n'kukwera basi ya ku Leicester.

Kwa Mayi Banda anthu akwathu anadzaza pabalaza mpaka pamasitepe, ena atavala yunifolomu kuchokera kushifiti. Anaimba, anapemphera, koma ine mutu unali pa pasipoti. Mayi Banda ananditengera kukhitchini. "Esitere, mverani ine. Mukangokansela apulikeshoni ija mwaluza zonse, faivi yiyazi yonse. Amayi apita, sabwerera. Ana aja adzabwera bwanji?" Ndinaimbira achimwene kuwafotokozera. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Chabwino achemwali. Amayi a eni ake mukusambitsa ndinu, anu asambitsidwa ndi anthu ena." Anapereka lamya kwa iwe Lonjezo, uli ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo unangofunsa kuti, "Amayi, mufika liti?" Ndinati posachedwa. Ndinkadziwa kale kuti sindibwera.

Ndinagwira njakata masiku awiri, koma kunena zoona ndinali nditasankha m'basi muja. Ndinasankha inu amoyo, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati agogo anu akanati ndachita bwino. Manejala nditamuuza anandigwira phewa. Anati pepa kwambiri, tenga masiku atatu, koma gogo uja asadziwe, mtima wake si wabwino, ndipo banja likadandaula kuti ukulira pantchito ndidzakuchotsako, pomwe ndilibe kwina kokuika. Anali mawu a Sisitala omwe aja, angovala Chingerezi. Ndinabwerera ku Derby, misozi n'kuisiya pageti monga ndinaphunzirira. Kumudzi anaika maliro, patapita masiku abale onse anameta, inunso munameta. Ine tsitsi langa linali lonse m'mutu, ndipo m'mawa uliwonse ndikamalipesa ndinkadzida.

Disembala wa chaka chomwecho

Disembala atafika Mayi Haruko anatulutsa kaburashi kawo. Nyama ya chaka chimenecho inali ng'ombe. Atalemba la agogo anu anandikankhira akumwetulira. "Chaka chino amayi ako sanganyoze. Ng'ombe ndi chuma." Pamenepo ndi pamene ndikananena. Sindinanene. Ndinatenga cholembera n'kulemba dzina la amayi anga ndi adiresi yonse, zilembo zoongoka bwino, n'kumata sitampa. Pa bokosi la positi ndinaponya ena onse, limeneli linakanirira m'zala. Kulitumiza kunali kuwachititsa Mayi mwano umene iwo ankauopa, komanso ndinkaona achimwene akulilandira, khadi lachisangalalo lopita kwa munthu wa kumanda. Kulibweza kunali kuulula bodza langa ndi kuphwanya mawu a manejala, pempho langa lisanayankhidwe. Ndinabwerera nalo m'thumba la jekete n'kuliika pansi pa matiresi anga.

Munthu wanzeru akanakumbukira kuti m'nyumba imeneyo, kumapeto kwa Disembala, palibe matiresi amene amagona osatembenuzidwa. Kutatsala masiku awiri kuti chaka chithe Bambo Kenji anabwera kudzathandiza kunyamula zolemera, ine ndili pampando ndikupukuta mawindo a pabalaza. Anatsika masitepe pang'onopang'ono, khadi ataligwira ndi manja awiri. Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza. "Esita-san, makalata a amayi anga amafika onse ku positi?" Ndinati inde bambo, kupatula limenelo. "Ena obisika ndi angati?" Ndinati palibe. Anagwedeza mutu. "Pepani, koma ndiyenera kuimbira ofesi yanu." Wosamalira nkhalamba wobisa makalata sapatsidwa mwayi wachiwiri, ndipo ntchito ikatha viza yatha, pempho latha. Ndinaona kuti maliro a amayi ndawaphonyera chabe, ndipo inu simudzabwera.

Ngakhale pamenepo pakamwa panga panali potseka. Chimene chinanditsegula ndi Mayi Haruko. Anatambasula dzanja, mwana wawo n'kuwapatsa khadi, analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, kenako anafunsa ndi mawu aang'ono amene ndinali ndisanawamvepo. "Ndinalemba moipa? Kapena amayi ako atopa nane?" Ndinatsika pampando paja n'kugwada pafupi ndi njinga yawo monga timachitira kwathu. "Mayi, amayi anga anamwalira mu Okutobala. Chimfine chija chinali bodza."

Mayi Haruko anafunsa ngati ndinapita kumaliro, ndinati ayi, n'kufotokoza za pasipoti. Anafunsa ngati ndinalira. Ndinati pang'ono, kubafa, mpopi uli wotsegula. Nkhope yawo inasintha, ndipo sichinali chisoni chokha, anakwiya ndithu. "Miyezi iwiri ukundisambitsa, ukundidyetsa, ine ndikuseka za mbewa. Wandichititsa mwano, Esita-san. Mnzanga wamwalira, ine ndikumujambulira ng'ombe." Ndinati ndinaphunzitsidwa kuti wodwala sasenzetsedwa katundu. "Ine ndine wodwala mbali imodzi yokha," anayankha. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo n'kulankhula m'chinenero chawo. Bambo Kenji anayankha motsitsa mawu ngati akutsutsa, mayi awo n'kuwabwezera mawu ochepa akuthwa. Sindinamve kanthu. Ndinangoona bambowo akufiira makutu, akupita pakhomo, akumasula chingwe cha udzu chija ndi nthambi za paini zimene anali atangopachika m'mawa womwewo. Pobwerera anaima patsogolo panga n'kuwerama mpaka ndinaona pakati pa mutu wawo. Za ofesi sanazitchulenso.

Tsiku loyamba la chaka

Madzulo a tsiku limenelo Mayi Haruko anakhalitsa palamya. M'mawa wa chaka chatsopano azimayi a ku fakitale anabwera monga mwa nthawi zonse, koma atavala zakuda ndi zotuwa, opanda timabokosi tawo tokongola, ndipo palibe ananena mawu achisangalalo aja. Ine ndinathamangira ketulo. Mayi anamenya ndodo pansi n'kuloza mpando waukulu, umene unali wa amuna awo. Nditakhala, azimayiwo ankabwera mmodzimmodzi, kugwada patsogolo panga, kuwerama, kunena mawu pang'ono, n'kukakhala pansi m'mbali mwa khoma. Mmodzi anandibweretsera tiyi, ine amene ndinawathirira tiyi zaka ziwiri. Pang'onopang'ono ndinazindikira kuti ndili pasiwa, ndipo anthu awa abwera kudzandipepesa.

Pabalazapo panali kashelefu pamene pankakhala chithunzi cha amuna awo, ndipo m'mawa uliwonse ankayatsapo lubani. Anandiuza kuti ndibweretse chithunzi cha amayi. Ndinakatenga chija agogo anu avala duku yoyera ya Mvano, koma ndinaima nacho m'manja, chikumbumtima chikundivuta. Ndinati Mayi, ine ndine Mkhristu, lubani sindiyatsa. "Ndani wakupempha?" anatero. "Mulungu wako ndi wako. Ika chithunzi anthu amuone mnzanga, iwe upemphere m'chinenero chako." Ndinachiika, n'kuyamba kupemphera m'Chichewa. Sindinafike patali. Nditangotchula kuti amayi, kulira kunabwera, osati kwa kubafa kuja, koma kwa kwathu kwenikweni, kokweza, koitana dzina. Ndinawauza amayi kuti ndamvera palamya monga munandiletsera, ndikhululukireni. M'nyumba imeneyo simunamvekepo phokoso lotero. Ena anadzidzimuka, koma palibe anatuluka, ndipo mayi wina wachikulire anasendera n'kundigwira bondo mpaka ndinatopa.

Nditatonthola Mayi Haruko anafunsa kuti kwanu maliro akatha mumatani. Ndinati timameta, abale onse, ndipo ukapanda kumeta maliro amakhala ngati sanakuchoke. Anayang'ana mutu wanga. "Iwe sunamete." Ndinati munthu sadzimeta yekha, amakumeta ndi wachibale. Anatuma mwana wawo kukatenga sizasi. Ndinavula duku n'kukhala pansi pakati pa mapazi awo, msana nditatsamira njinga. Dzanja lawo linkanjenjemera kwambiri moti chitsulo chinkandigunda khutu, ndipo anatha kudula katatu kokha mphamvu n'kutha. Bambo Kenji anathamangira kwawo kukatenga makina ometera, mayi wachikulire uja n'kumaliza. Tsitsi linagwera pansi pamene ndinakolopa ndekha dzana lake. Mwachizolowezi ndinadzuka kuti ndikatenge tsache, Mayi n'kundigwira mkono. Anati tsiku loyamba la chaka sasesa. Azimayi aja anagwada n'kutola tsitsi langa ndi manja, kuliika papepala loyera, kulipinda bwinobwino n'kundipatsa.

Alendo atapita Mayi anandibwezera khadi lija. Anati lisapite ku Malawi, komanso lisatayidwe, chifukwa ndi lomaliza limene analembera mnzawo. Masanawo tinadya mpunga wamba ndi msuzi, awiriwiri, mutu wanga ukumva kuzizira, ndipo ndinadya mpaka kumaliza mbale koyamba chichokere Okutobala.

Zaka zotsatira

Manejala ndinamuuza ndekha tchuthi chitatha. Anandiyang'ana m'mutu, anapumira m'mwamba, n'kunena kuti bola banja silinadandaule. Pempho linayankhidwa chisanu chikutha, ndipo inu munafika chaka chomwecho. Tsitsi lija ndinapita nalo kumudzi ulendo wanga woyamba n'kulikwirira pafupi ndi manda a agogo anu, achimwene ataima chapatali. Anadzandikhululukira mochedwa, koma anandikhululukira. Iwe Lonjezo sunandifunsepo za mawu aja ndinakuuza palamya, ndipo kusafunsa kwakoko kwandipweteka kuposa mawu a malume ako. Ndinakunamiza uli mwana, utaima pafupi ndi bokosi la amene anakulera. Pepa mwana wanga. Ndinaphunzitsidwa kubisa misozi, n'kuphunzira ndekha kubisa zoona, ndipo ndinkayesa zonsezo ndi kulimba mtima.

Kwa Mayi Haruko ndinakhalako zaka zina zinayi, ngakhale kuti inu mutabwera ndinasiya kugona konko. Anamwalira m'mawa wina wa dzuwa, nditangowasambitsa. Mwambo wa maliro utatha Bambo Kenji anandiperekeza kokwerera basi, ndipo ndinalimba mtima kuwafunsa zimene anakangana ndi mayi awo tsiku lija la khadi. Anachita manyazi, koma ananena. Akuti tsikulo anauza mayi awo kuti, "Amayi, n'zachisoni ndithu, koma mwambo umenewu ndi wa abale. Esita-san si wa m'banja mwathu." Mayi awo anayankha kuti, "Chabwino. Ndiye mawa ubwere udzandisambitse iwe." Tinaseka tonse awiri pa siteji ya basi, misozi ili m'masaya.

Kwathu amati maliro n'kulirana. Nditatsika basi ndinapita kwa Mayi Banda, n'kuwapatsa makina ometera, n'kukhala pansi kuti andimete. Mwayi, sabata imeneyo kunali msonkhano wa makolo kusukulu kwanu, ndipo duku yanga itaterereka pamaso pa anzako unafuna kulowa pansi ndi manyazi. Tili m'basi unandifunsa m'Chingerezi chako chija, mokwiya, kuti wamwalira ndani, poti abale onse akumudzi unkawadziwa ndipo anali moyo. Ndinakuyankha kuti wachibale, iwe n'kuyang'ana pawindo poganiza kuti ndikukuzemba. Tsiku limenelo sindinakunamize.